Ku Chileka N'kosalala pa Bwalo la Ndege Pokha

Munthu amene amadziwa Chileka kudzera pa windo la ndege, kapena la galimoto yothamangitsa mlendo kuti asatsale ulendo wa ku Johannesburg, akhoza kulumbira kuti derali ndi lathyathyathya. Sitingamunene. Amene anasankha malo omangapo bwalo la ndege ankasaka posalala, ndipo anapapeza. Koma posalalapo ndi pang'ono chabe. Tsikani m'galimotomo, mangani zingwe za nsapato kapena kwerani njinga, mulunjike kumadzulo kapena kumpoto. Pasanathe theka la ola ntchafu zikhala zitakuuzani kale kuti dziko lino ndi lopendekeka.

Mu Blantyre anthu othamanga m'mamawa akuchulukirachulukira. Ena akukonzekera mpikisano wa makilomita 42.195 umene bungwe la Malawi National Council of Sports limakonza mumzindawu, ena anachita kuopsezedwa ndi adokotala chifukwa cha BP ndi shuga. Palinso opalasa njinga za magiya, amene Loweruka m'mawa mumawaona atavala zipewa zolimba ndi zovala zothina. Ambiri mwa anthuwa akafuna chitunda choti chiwalimbitse, maganizo amathamangira ku Mulanje kapena ku Zomba. Kumeneko n'kwabwino ndithu, koma kumafuna mafuta, tsiku lathunthu, nthawi zina ndi ndalama ya malo ogona. Munthu sangakonzekere mpikisano ndi phiri lomwe amaliona kawiri pachaka. Chitunda chimene chimasintha thupi ndi chija umabwererako sabata iliyonse mpaka kufika podana nacho, ndipo zitunda zotere zadzaza kuseri kwa Michiru, m'madera a mafumu Kuntaja, Kunthembwe ndi Lundu.

Madzi a m'mipopi nawo amakwera

Pakati pa mzinda wa Blantyre pali pa mamita pafupifupi 1,040 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Bwalo la ndege la Chileka, lomwe lili makilomita 16 kuchoka m'tauni, lili pa mamita pafupifupi 780. Mtsinje wa Shire pa mlatho wa Zalewa uli pansi pa mamita 500, ndipo kuchoka pamenepo umapitiriza kugwa pa mathithi a Nkula, Tedzani, Mpatamanga mpaka ku Kapichira. Pamwamba pa zonsezi pali nsonga ya Michiru, pa mamita pafupifupi 1,470. Ndiye kuti Blantyre wa kumudzi wayalidwa ngati masitepe a nyumba yosanja: mzinda uli m'mwamba, Chileka ndi Lirangwe ali pakati, Shire ali pansi penipeni.

Amene amadziwa bwino kupendekeka kumeneku, mwina kuposa aliyense, ndi a Blantyre Water Board. Madzi ambiri a mumzindawu amatungidwa pa Walker's Ferry mu Shire, makilomita pafupifupi 40 kuchoka m'tauni, ndipo kuti afike m'mathanki amapopedwa kukwera mamita pafupifupi 800. Mapampu a kumtsinje sakwanitsa okha ntchitoyi, n'chifukwa chake pa Chileka pali siteshoni ina yomwe imawalandira madziwo n'kuwakankhanso. Magetsi akathima kumeneko, mipopi ya ku Ndirande imangotulutsa mpweya. Wothamanga wa ku Namiwawa akabwerako n'kutsegula mpopi, madzi amene akumwawo amakhala atakwera chitunda chachikulu kuposa chimene iye wakwera m'mawa umenewo.

Kayalidwe kameneka kali ndi msampha wake, ndipo wagwira anthu ambiri a njinga. M'malo ena munthu amayamba n'kukwera, kenako n'kubwerera kunyumba akutsetsereka. Wochokera m'tauni ya Blantyre zimamuchitikira mosemphana. Akadutsa pa Kameza kulunjika ku Lunzu, Matindi, Lirangwe, Mdeka mpaka pa Zalewa, amakhala akutsika nthawi yambiri, ngakhale muli tizitunda apa ndi apo. Kunja kukadali kozizira, miyendo ikadali yatsopano, njinga ikungouluka. Munthu amayamba kudziona katswiri. Akatembenuka pa mlathopo dzuwa lakwera, botolo latsala theka, ndipo kutsogolo kuli makilomita oposa 50 okwera mamita oposa 500. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti pamaonjezekera mphepo ya mwera, yomwe imachokera kummwera chakummawa, kutanthauza kuti popita imakukankha kumsana, pobwerera imakuomba pamphumi. Amene aupalasapo msewuwu amawerengera nthawi ya pobwerera mochuluka: ola limodzi lopita lifuna ola ndi theka kapena kuposera apo. Mwayi uli ndi wokhala ku Lirangwe kapena ku Chileka. Iye amakwera kulowa mumzinda mphamvu zikadalipo, n'kubwerera kwawo njinga ikudziyendera yokha.

Michiru ndi ntchito yake

Ukaima pa Chileka n'kuyang'ana kummwera, Michiru watsekereza mzinda wonse. Kuchoka pa msinkhu wa bwalo la ndege kufika pansonga pali mamita pafupifupi 700. Mbali ina ya phirili ndi nkhalango yotetezedwa yomwe imayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo ili ndi tinjira tokwera mpaka pamwamba. Mbali ya ku Chilomoni kuli Njira ya Mtanda, komwe Akatolika amakwera akupemphera, makamaka m'nyengo ya Lenti. A Mountain Club of Malawi nawo ali ndi ulendo wawo wa chaka ndi chaka wokwera Michiru, Ndirande ndi Soche tsiku limodzi, mtunda wa makilomita oposa 40.

Komabe ndinganene mosabisa kuti Michiru si woyenera kupitako sabata iliyonse. M'malo ambiri kanjira n'kotsetsereka kwambiri moti kuthamanga kumatha, kumatsala kuyenda manja ali pa mawondo. Izi zimalimbitsa ntchafu ndi mtima, koma siziphunzitsa mwendo liwiro la pa msewu. Phiri lotere ndi lothandiza kwa munthu amene akukonzekera Porters Race ya ku Mulanje, mpikisano umene unayamba mu 1996 ndipo umachitika m'mwezi wa Julayi: kuchoka pa Likhubula kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya, n'kutsikiranso pomwe unayambira, makilomita oposa 20 a miyala yokhayokha. M'mapiri omwewo ndimo munakulira Tereza Master, yemwe anakathamanga mpikisano wa makilomita 42.195 pa masewera a Olympics a ku Rio de Janeiro mu 2016. Amene akufuna kukayesa mwayi wake ku Mulanje angachite bwino kukwera Michiru kawiri pamwezi, makamaka pofuna kuphunzira kutsika, pakuti mipikisano ya m'mapiri ambiri amaluzira potsika. Apite ndi anzake, ndipo ayambe waonekera kwa alonda a nkhalango. Kuchokera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anagumula phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe, sitiyeneranso kukumbutsana kuti phiri lopanda mitengo si malo osewerera mvula ikamagwa.

Tsatirani mtsinje, osati njanji

Zitunda za tsiku ndi tsiku zili pansi, m'midzi, ndipo kuzipeza kuli ndi nzeru yake. Mitsinje yonse ya m'derali, Likhubula wa ku Chileka, Lunzu, Lirangwe ndi timitsinje todyetsa imeneyi, imathamangira kumadzulo kukathira mu Shire, ndipo iliyonse inakumba chigwa chake. Msewu uliwonse woyenda chopingasa mitsinjeyi uyenera kutsikira pa mlatho n'kukweranso kutsidya. Mlatho umodzi, zitunda ziwiri. Mukaona mzere wa mitengo yobiriwira, nthochi ndi madimba a masamba pakati pa minda youma, dziwani kuti pali khwawa, ndipo njira yolowera kumeneko ili ndi chimene mukufuna. Misewu yoyenda m'mbali mwa mtsinje kapena pamsana pa mtunda imakhala yofatsa. Imeneyo ndi ya masiku opumulirako.

Njanji imakuuzani zosiyana. Njanji yodutsa pa Lirangwe, yomwe inafika ku Salima mu 1935, inamangidwa mozemba chitunda chilichonse, chifukwa sitima yolemera siikwanitsa kukwera potsetsereka. Pomwe njanji yakhota kwambiri popanda chifukwa chooneka, pali kaphiri kapena chigwembe chimene amisiri ankachithawa. Yang'anani chomwe ankathawacho. Chizindikiro china ndi nsanja za makampani a mafoni ndi mathanki a madzi. Zimenezi zimamangidwa pamalo okwera, ndipo pafupifupi nthawi zonse pamakhala kamsewu kamene analambula kuti galimoto izikafikako. Timisewu timeneti ndi tabwino zedi kwa wothamanga: n'tatifupi, n'totsetsereka, ndipo simudutsa minibasi.

Amene ali ndi foni yamakono akhoza kujambula njira pa Google Earth n'kuona momwe ikukwerera ndi kutsika asanachoke pakhomo, ndipo pa Strava amaonanso pomwe ena anadutsapo kale ndi nthawi yomwe anatenga. Mapu akale a nthambi ya Surveys, a sikelo ya 1:50,000, ali ndi mizere yosonyeza kukwera kwa nthaka. Pomwe mizereyo yathinana, pamenepo ndiye pa chitunda. Masamu ake ndi osavuta. Njira yokwera mamita 100 pa kilomita imodzi ndi chitunda cha 10 peresenti. Kuchoka pa bwalo la ndege kufika m'tauni ndi mamita 260 pa makilomita 16, kutanthauza kuti mukaphatikiza msewu wonse sufika ndi pa 2 peresenti pomwe, koma kukwerako sikunagawidwe mofanana: kwambiri kwaunjikana kuyambira pa Kameza ndi ku Chirimba kulowa mumzinda.

Foni ndi mapu zili apo, njira yachidule ndi kufunsa. Safunsa anadya phula. Pa siteji ya akabaza pa Lirangwe kapena pa Chileka musafunse kuti chitunda chabwino chili kuti, chifukwa adzakuyang'anani modabwa. Funsani kuti ndi njira iti imene amakweza mtengo, kapena ndi pati pamene amapempha kasitomala kuti atsike kaye ayende pansi. Yankho limabwera pompo, ndi dzina la mudzi, la sukulu ndi la mlatho.

Lirangwe yemweyo ali ndi mwayi wina. Pamenepa ndi pomwe pamayambira msewu wopita ku Chingale mpaka ku Machinga, womwe andale akhala akuulonjeza phula kwa zaka zambiri. Umalowa m'dziko la kuseri kwa phiri la Zomba, lokwera ndi kutsika mosalekeza, ndipo magalimoto ake ndi ochepa poyerekeza ndi a pa M1. Kwa wopalasa amene watopa ndi kuthawa mathiraki opita ku chipata cha Mwanza, kukhotera kummawa pa Lirangwe kumapumitsa mtima. Ku Chileka nako kuli msewu wakale wa ku Mwanza, wodutsa m'dera la Kunthembwe kutsikira ku Mpatamanga. Umenewo ndiye chitunda chachikulu cha boma lino kwa munthu wa njinga ya matayala okhuthala: kutsikira ku Shire n'kosangalatsa, kubwerera n'kumene kumaonetsa ngati munthu anadya.

Akatswiri amene sitiwawerengera

M'misewu iwiri yonseyi simudzakhala woyamba kufika. Kusanache, amuna okankha njinga zosenza matumba a makala amakhala ali kale pa ulendo, ena atachokera kutsidya kwa Shire ku Neno ndi ku Mwanza, ena m'midzi ya kumadzulo kwa Blantyre. Njinga zawo zilibe magiya. Ambiri anaonjezera masipoko ndi kuwotcherera zitsulo pa keliyala kuti isapindike. Pa chitunda amatsika n'kukankha ndi thupi lonse, phewa lili pa thumba, ndipo pa mtsetse amatsika ndi mabuleki amene inu simungawakhulupirire.

Tiyerekeze munthu wa makilogalamu 60. Akakwera njinga ya mpikisano ya makilogalamu 8, akukweza makilogalamu 68. Munthu yemweyo akakhala ndi njinga yachitsulo ya makilogalamu 20 ndi katundu wa makilogalamu 100, yemwe ndi mulingo umene keliyala ya njinga ya Buffalo inapangidwira, akukweza 180. Pa chitunda chimodzimodzi wagwira ntchito yoposa kawiri ndi theka, alibe nsapato zapadera, m'mimba muli tiyi ndi mbatata, ndipo mawa abwereza. Sindikunena izi pofuna kukometsa umphawi kapena malonda a makala. Makala opanda chiphaso ndi oletsedwa ndi lamulo la nkhalango, ndipo matumba omwewo ndi amene ameta mapiri athu mpala, moti wothamanga lero amasowa ndi mthunzi wopumirapo womwe. Amunawa sakuchita masewera. Akusaka ya ufa, ndipo ambiri mawondo ndi msana zimatha asanakalambe. Koma mphamvu ya mtima ndi ya miyendo imene ili pa misewu imeneyi m'bandakucha ndi yeniyeni, ndipo palibe amene anaiyezapo ndi wotchi.

Ku Rwanda anaiyeza. Timu ya dzikolo ya njinga itakhazikitsidwa mu 2007, ena mwa anyamata oyamba anachokera pa ntchito yomweyi yonyamula anthu ndi katundu. Abraham Ruhumuriza, yemwe anapambana kangapo mpikisano wozungulira dzikolo, anayamba ngati wakabaza ku Butare. Mnzake Adrien Niyonshuti anakapikisana pa Olympics ya ku London mu 2012. Mu Seputembala 2025 mzinda wa Kigali unachititsa mpikisano wa dziko lonse wa njinga za pa msewu, koyamba mu Africa, pa njira ya makilomita 267.5 yokwera mamita oposa 5,000, ndipo anapambana ndi Tadej Pogačar wa ku Slovenia. Chaka cha 2024 Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana zigawo zitatu za Tour de France. Rwanda ndi Eritrea si maiko olemera. Chimene anachita n'kutenga zitunda zawo ndi anyamata awo ngati chuma.

Ife si alendo pa masewerawa. Malawi atapita koyamba ku Olympics, ku Munich mu 1972, m'gululo munali opalasa njinga, ndipo Dyton Chimwaza ndi Daniel Kaswanga anakapikisana mu 1984 ndi mu 1988. Koma nkhani yomwe anthu akunja amaikumbukira ndi ya ku Glasgow mu 2014, pa masewera a Commonwealth, pomwe Missi Kathumba ndi Leonard Tsoyo anapita ndi njinga zotha ku sitolo ya Billy Bilsland Cycles kuti akazikonzetse, eni sitoloyo n'kuwapatsa zina zoti apikisanire. Nkhani yokoma kwa Asikotishi, yochititsa manyazi kwa ife. Mpikisano wochoka pa Zalewa kukathera pa Kameza, wokhala ndi gawo lapadera la njinga zopanda magiya, sungafune bwalo lamasewera kapena ndalama zankhaninkhani. Ungafune chilolezo cha apolisi a pamsewu, mawu kwa mafumu, madzi pa Mdeka, pa Lirangwe ndi pa Lunzu, ndi mphoto imene wakabaza angaione kuti ndi yoyenera kutayira tsiku la ntchito. A Cycling Federation of Malawi atakhala pamzere womalizira ndi kope, angalembe maina amene sanawamvepo.

Chitunda chimagwiritsidwa ntchito bwanji

Kupeza chitunda ndi chinthu china, kuchigwiritsa ntchito ndi chinanso. Ambiri amalakwitsa posankha chotsetsereka kwambiri, n'kuchithamangira ndi ukali wonse tsiku loyamba, kenako n'kukhala sabata yathunthu akutsika masitepe chammbali.

Kwa wothamanga, chitunda chothandiza kwambiri ndi chapakatikati, cha 4 mpaka 8 peresenti, chimene umatha kukwera thupi lili chilili, manja akugwira ntchito, mapazi akugwa mofulumira. Pamenepo munthu amakwera mwamphamvu kwa mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka befu atachepa, n'kubwerezanso. Woyamba kumene ayambe ndi maulendo 4, aziwonjezera umodzi pa sabata. Palibe chifukwa choyezera mamita: sankhani mtengo wa mango poyambira ndi polo ya magetsi pothera, wotchi ikuuzani ngati mukupita patsogolo. Kamsewu ka ku nsanja ya mafoni kaja n'koyenera liwiro lalifupi la masekondi 10 kapena 15, lomwe limalimbitsa akatumba ndi akakolo. Ndipo kamodzi pa sabata pakhale ulendo wautali wosathamangitsana ndi wina, m'njira yodutsa milatho ingapo, kuti thupi lizolowere kusintha kayendedwe osaima.

Ulendo wautali wa m'zitundawu ndi umene unatchukitsa mphunzitsi wa ku New Zealand, Arthur Lydiard. Anyamata ake Lamulungu lililonse ankathamanga makilomita 35 m'mapiri a Waitakere kunja kwa mzinda wa Auckland, ngakhale amene mpikisano wawo unali waufupi. Mmodzi wa iwo, Peter Snell, anatenga golide pa mamita 800 ku Rome mu 1960, n'kutenganso awiri ku Tokyo mu 1964. Akenya ali ndi chitunda chawo cha Fluorspar, makilomita 21 okwera okhaokha kuchoka m'chigwa cha Kerio. Kuchoka ku Mpatamanga kukwera ku Chileka ndi mtundu womwewo wa ntchito, ngakhale kuti kwathu kuno n'kotsika.

Chovulaza si kukwera koma kutsika. Potsika, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya buleki, ndipo ululu wake umabwera patapita tsiku limodzi kapena awiri. Fupikitsani mapazi, musaponde ndi chidendene mwendo uli wowongoka. Wa njinga naye vuto lake ndi mawondo: kukankha giya yolemera pang'onopang'ono kumaoneka chamuna, koma kumapweteka. Pa chitunda chachitali ndi bwino kupeputsa giya kuti miyendo izizungulira maulendo 70 mpaka 90 pa mphindi, munthu atakhala pa chishalo, n'kumaimirira pokhapokha pamene pavutitsitsa. Masiku a zitunda asapitirire awiri pa sabata. Munthu wa zaka zoposa 40, kapena amene ali ndi BP, shuga kapena vuto la mtima, ayambe wakaonana ndi adokotala.

Kutentha, osati kukwera kwa malo

Pali bodza limodzi lofunika kulichotsa. Chileka ndi Lirangwe si Iten wa ku Kenya, yemwe ali pa mamita 2,400, kapena Bekoji wa ku Ethiopia, kwawo kwa Derartu Tulu, Kenenisa Bekele ndi Tirunesh Dibaba, komwe ndi pa mamita 2,800. Kumeneko mpweya ndi wopepuka, ndipo thupi la munthu wokhalako limapanga magazi ochuluka onyamula mpweyawo. Phindu limeneli limayamba kuoneka bwino cha m'ma mamita 2,000, ndipo kwathu kuno malo otere ndi Nyika, pamwamba pa Mulanje ndi nsonga za Zomba ndi Dedza. Pa mamita 780 palibe zimenezo.

Chomwe derali lili nacho ndi kutentha. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, ndiye ukamatsikira ku Shire umamva kusintha pakhungu. Mu Okutobala ndi Novembala ku Chileka kumadutsa madigiri 30 kawirikawiri, ndipo kumtsinje n'koposa apo. Thupi limazolowera kutentha pa masiku 10 mpaka 14: limayamba kutuluka thukuta msanga, madzi a m'magazi amachuluka, mtima umagunda modekha pa liwiro lomwe lija. Ameneyu ndi mwayi kwa munthu amene mpikisano wake udzathere dzuwa lili pamutu. Koma kutentha komweko kumapha. Nyengo imeneyi nyamukani 5 koloko, 8 koloko ikamakwana mukhale mwamaliza. Mutu ukayamba kuzungulira, kapena thukuta likasiya kutuluka, imani pamthunzi, masewera atha. Madzi a pa mjigo alipo m'midzi yambiri, ndipo paketi ya Thanzi m'thumba imabwezeretsa mchere wotayika. Pa chakudya musavutike ndi zodula za m'mashopu: nthochi, mbatata yootcha, zitumbuwa ndi thobwa zili pa msika uliwonse kuyambira pa Lunzu mpaka pa Zalewa.

Njira ili ndi eni ake

Kanjira kalikonse kamene mwakapeza pa foni kamadutsa pakhomo pa wina. Moni ndi waulere: "Mwadzuka bwanji, amayi?" ngakhale befu ali m'khosi. Mukaona masamba atayalidwa chopingasa msewu, pali maliro. Wa njinga atsike n'kukankha, wothamanga ayende, chipewa chichoke kumutu. Kankhalango kowirira pakati pa minda yoyera nthawi zambiri ndi manda, ndipo m'midzi ina ndi kudambwe. Si malo okapumulirako kapena kukadzithandiza. Gulu limene likufuna kumabwera pa chitunda chimodzi Loweruka lililonse likaonekere kwa a nyakwawa. Ndi nkhani ya mphindi zochepa, koma tsiku limene mmodzi wa inu adzagwe n'kuthyoka, mudzakhala anthu odziwika. Amayi othamanga ambiri amanyamula chitenje chopepuka choti amange akaima pa msika. Wina anganene kuti siziyenera kutero, ndipo akhoza kukhala akunena zoona, koma chimachepetsa mawu.

Kudziwika kumeneku si nkhani ya ulemu wokha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufika mpaka mu Blantyre, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi magulu olusa chifukwa chongooneka achilendo. Munthu wosadziwika, wothamanga mumdima, tochi ili pachipumi, kumsana kuli kachikwama ka madzi kotuluka kapaipi, ayenera kuganizira momwe akuonekera kwa munthu amene wangodzuka kumene. Njira yatsopano iyambeni kukuwala, muli awiri kapena atatu. Agalu nawo alipo. Bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera wa chiwewe mu Blantyre kuyambira mu 2015, koma galu akakulumani tsukani balalo ndi sopo kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa M1 adani ndi mathiraki, minibasi ndi njinga zamoto. M'malo ambiri m'mphepete mwa phula munadyeka, ndipo dalaivala wa thiraki yochokera ku Beira sangakhote chifukwa cha inu. Wothamanga ayende kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi magalimoto. Opalasa akhale kumanzere, mondondozana, atavala zowala, ndipo pa mtsetse wolowera pa msika achepetse liwiro chifukwa mbuzi ndi ana sapereka chizindikiro. Pampu, chubu chapadera ndi zomatira musasiye, ngakhale kuti pansi pa mtengo pa msika uliwonse pali wokonza njinga. Iye ali ndi zida za njinga za kumudzi, ndipo vavu yopyapyala ya njinga ya mpikisano ikhoza kumugonjetsa.

Msewu wa ku Mpatamanga uja uli pafupi kusintha. Pa mtsinjepo pakukonzedwa zomanga malo opangira magetsi okwana mamegawati 358, ndipo mu Meyi 2025 World Bank inavomereza thandizo la madola 350 miliyoni la ntchitoyi. Ndondomeko yake ikuphatikizapo kukonza msewu wochokera ku Chileka kuti magalimoto olemera azifika kumalo a ntchito. Kwa zaka zomangazo msewuwu udzakhala wa mathiraki ndi fumbi, ndipo wothamanga adzayenera kupatukira m'tinjira ta m'midzi. Ukadzatha, opalasa njinga za matayala opyapyala adzapeza chimene mbali ino ya Blantyre inalibe: chitunda chachitali chochoka mu Shire mpaka pa Chileka, kutali ndi mathiraki a ku Mwanza.